Fabergé: diso la munthu mmodzi, manja a amisiri 500

Katswiri wodziwa zinthu za Fabergé, kampani yakale ya ku Russia yosula zokongoletsera imene inatchuka ndi mazira agolide a mafumu, akapatsidwa kabokosi ka ndudu kapena dzira lagolide kuti anene ngati ndi lenileni, sayamba n'kusirira kunyezimira kwake. Amalitembenuza, n'kutenga galasi lokuzira zinthu, n'kumafunafuna tizidindo tobisika m'mphepete. Kena kamakhala dzina la Fabergé m'zilembo za Chirasha. Kena ndi nambala, kawirikawiri 56, kusonyeza kuti pa magawo 96 a chitsulocho, 56 ndi golide weniweni, amene lero timati wa makarati 14. Kena ndi chizindikiro cha mzinda umene golideyo anayesedwera. Ndiye pamakhala kachidindo kenanso ka zilembo ziwiri zokha: E.K., H.W., A.H., kapena M.P. m'Chirasha. Zilembo ziwirizi si za mwini sitolo. Ndi za mmisiri amene shopu yake inasula chinthucho.

Peter Carl Fabergé anaphunzira ndithu ntchito yosula golide, koma pa zinthu zoposa 150,000 zimene zinatuluka m'kampani yake, palibe ngakhale chimodzi chimene chimadziwika kuti anachipanga ndi manja ake. Ena akamva izi amagwa ulesi, ngati wina wawanamiza. Ine ndimaona kuti luso la munthuyu lagona pomwepo: ankadziwa kuona chinthu chabwino, ankadziwa kupeza munthu woti achipange, ndipo ankamupatsa munthuyo nthawi, golide ndi ufulu mpaka chinthucho chifike pamene diso lake likhutire.

Anabadwira ku St Petersburg pa 30 Meyi 1846. Dzinali limamveka lachifalansa chifukwa makolo ake akale anali Apulotesitanti a ku Picardy, kumpoto kwa France, amene anathawa kwawo boma litaletsa chipembedzo chawo mu 1685. Banjali linayendayenda, kudzera ku Germany, mpaka kukakhazikika ku Pernau, mzinda umene lero uli ku Estonia ndipo umatchedwa Pärnu. Bambo ake, a Gustav, anachoka kumeneko kukaphunzira ntchito ku St Petersburg, ndipo mu 1842 anatsegula kasitolo m'chipinda chapansi pa msewu wa Bolshaya Morskaya. Munkapezeka mphete, ndolo ndi zibangili, monga m'masitolo ena onse a mumsewuwo.

Mu 1860 a Gustav anapuma pa ntchito n'kusamukira ku Dresden ndi banja lawo, sitolo n'kuisiya m'manja mwa anthu odalirika, mmodzi mwa iwo Hiskias Pendin. Ku Dresden kuli nyumba yotchedwa Grünes Gewölbe, mosungira chuma cha mafumu a Saxony, ndipo mnyamatayo anakulira pafupi ndi zinthu zagolide ndi zamiyala zimene amisiri akale anazipanga pofuna kudabwitsa mafumu. Kenako anakaphunzira kwa mmisiri Josef Friedmann ku Frankfurt, anayenda ku Paris, ku Italy ndi ku England, ndipo mu 1872, ali ndi zaka 26, anatenga sitolo ya bambo ake. Chaka chomwecho anakwatira Augusta Jacobs, amene anabereka naye ana aamuna anayi amene anakula: Eugène, Agathon, Alexander ndi Nicholas.

Sukulu yake yeniyeni, m'kuona kwanga, inali Hermitage, nyumba yosungiramo chuma ndi zinthu zakale za mafumu a Russia. Kwa zaka zambiri ankapita kumeneko kukakonza, kuyeretsa ndi kulemba m'kaundula zinthu zakale, osalandira malipiro. Wamalonda wina akanati uku n'kutaya nthawi. Koma munthu amene wagwira m'manja chibangili chosulidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, n'kuona mmene analumikizira waya wake, kapena wamasula kabokosi ka fodya kopangidwa ku Paris m'zaka za m'ma 1700 kuti akonze hinjesi yake, amaphunzira zimene sangazipeze m'buku. Anadziwanso anthu a kunyumba yachifumu, ndipo iwo anamudziwa.

Zipatso zake zinaoneka mu 1882. Pendin anamwalira chaka chimenecho, mng'ono wake wa Carl, Agathon, amene anali waluso pa kujambula, analowa m'kampani, ndipo pa chionetsero chachikulu cha ku Moscow sitoloyo inapata mendulo yagolide. Pa zimene anaonetsa panali chibangili chokopera china cha anthu akale otchedwa Asikuti, chimene chinali ku Hermitage. Mfumu Alexander III inati sinathe kusiyanitsa chakale ndi chatsopano.

Kuti nkhani ya mazira imveke, tiyenera kuyamba ndi Pasaka wa mpingo wa Orthodox, umene kwa Arasha ndi chikondwerero choposa Khirisimasi. Kwa milungu pafupifupi 7 anthu amasala nyama, mkaka ndi mazira. Tsiku la Pasaka likafika amapatsana mazira owiritsa ofiiritsidwa ndi makoko a anyezi, wina n'kunena kuti "Khristu wauka," mnzake n'kuyankha kuti "Waukadi," kenako n'kupsompsonana katatu. Olemera ankapatsana mazira adothi lonyezimira, agalasi kapena asiliva. Choncho Alexander III ataitanitsa dzira loti apatse mkazi wake Maria Feodorovna mu 1885, ankangotsata mwambo umene ngakhale mlimi wa kumudzi ankauchita. Mayiyu anali mwana wa mfumu ya Denmark, ndipo ankakhala ndi mantha kuyambira mu 1881 pamene apongozi ake, Alexander II, anaphedwa ndi bomba mumsewu wa St Petersburg, banja lonse n'kusamukira ku nyumba yachifumu ya ku Gatchina kunja kwa mzinda.

Dzira loyambalo n'losadzionetsera. Kutalika kwake ndi masentimita 6 ndi pang'ono, ndipo kunja ndi loyera, ngati lomwe nkhuku yangoikira kumene. Ukalipotoza limatseguka pakati, ndipo mkati umapeza kachikasu kozungulira kagolide wosanyezimira. Kachikasuko nakonso kamatseguka, mkati muli kathadzi kagolide ka maso a mwala wofiira wotchedwa rube. M'mimba mwa kathadziko munali kachisoti kachifumu ka dayamondi ndi kamwala ka rube kolendewera, ndipo tiwiri timeneti tinasowa. Mtengo wake unali ma ruble 4,151, ndalama za ku Russia. Mfumukazi inakondwa kwambiri, chaka chomwecho Fabergé anapatsidwa ulemu wokhala wogulitsa zinthu kunyumba yachifumu, ndipo chiyambire pamenepo dzira linkayembekezeka Pasaka aliyense. Pangano linali lakuti lisafanane ndi la chaka china, ndipo mkati mukhale kanthu kodzidzimutsa.

Alexander III anapereka mazira 10 asanamwalire mu 1894. Mwana wake Nicholas II anayamba kuitanitsa awiri pa chaka, lina la mayi ake, lina la mkazi wake Alexandra, kupatula mu 1904 ndi 1905 pamene dziko linali pa nkhondo ndi Japan ndiponso m'chipwirikiti. Onse pamodzi amene anafika m'manja mwa eni ake ndi 50.

Mazira 50 pa zinthu zoposa 150,000 ndi kadontho chabe. Chimene chinkadyetsa kampani tsiku ndi tsiku ndi mabokosi a ndudu, mafulemu a zithunzi, mawotchi a patebulo, zogwirira maambulera, mabelu oitanira antchito, mipeni yotsegulira makalata ndi ziwiya zasiliva, zimene zambiri zinkapangidwa ku nthambi ya ku Moscow yotsegulidwa mu 1887. Mazira anali chikwangwani chake, ndiponso poyesera maluso atsopano.

Kayendetsedwe ka ntchito kanali motere. Pansi pa dzina limodzi la Fabergé panali mashopu angapo odziimira paokha, ndipo shopu iliyonse inali ndi mkulu wake, amene ankalemba yekha anthu ake ndi kuphunzitsa anyamata ake. Kampani inkamupatsa chojambula, golide ndi miyala, iye n'kulonjeza kuti sagwirira ntchito wina aliyense. Ina inkadziwa kuika miyala, ina siliva, ina enamel, ndipo chinthu chimodzi chinkatha kudutsa m'manja ambiri chisanafike patebulo la mwini dzina kuti achivomereze kapena achibweze. Mu 1900 mashopu akuluakulu anasonkhanitsidwa m'nyumba yatsopano pa nambala 24 Bolshaya Morskaya: sitolo pansi, ojambula ndi amisiri pamwamba ndi kumbuyo, banja la Fabergé nalonso momwemo. Pa nthawi imene zinthu zinkayenda bwino kwambiri, ogwira ntchito anafika pafupifupi 500.

Ambiri mwa akuluakulu a mashopuwa anali ochokera ku Finland, dziko limene pa nthawiyo linali pansi pa mfumu ya Russia. Erik Kollin, mmisiri wamkulu woyamba, anali wa kumeneko. Wotsatira wake kuyambira mu 1886, Michael Perchin, anali Mrasha, mwana wa alimi wochokera kumudzi m'chigawo cha Olonets, ndipo mazira ambiri a zaka zimenezo mpaka imfa yake mu 1903 anatuluka m'shopu yake. Atamwalira, shopuyo inapita kwa womuthandiza wake Henrik Wigström, wa ku Finland. Chimene chimandikhudza pa dongosololi n'chakuti Fabergé analola zilembo za anthuwa kukhala pambali pa dzina lake. N'chifukwa chake lero tikutha kuwatchula.

Ngati pali luso limodzi limene linakweza kampaniyi pamwamba pa anzake, ndi enamel. Tonse timaidziwa enamel, ngakhale sitiitchula dzina: ndi chija choyera chopakidwa pa makapu ndi mbale zachitsulo za mkombero wabuluu, zimene zikagwa pansi zimasupuka n'kuonetsa chitsulo chakuda mkati. Ndi galasi losungunulidwira pa chitsulo. Kusiyana kwake n'kwakuti ya pakapu ndi yophimba, pamene ya Fabergé inali yoonekera mkati, ngati madzi oyera a pachitsime amene umaona mchenga pansi pake.

Ntchito inkayamba ndi chitsulo chenichenicho, golide kapena siliva. Mmisiri ankachimanga pa makina opukusa ndi dzanja amene ankalemba timizere tosaya, toyandikana kwambiri, tobwerezabwereza: mafunde, cheza cha dzuwa, kapena maonekedwe a nsalu ya silika. Lusoli limatchedwa guilloché. Kenako ankapera galasi kukhala ufa, ataliphatikiza kale ndi zitsulo zina zopatsa mtundu, n'kuutsuka kambirimbiri, chifukwa kachitsotso kamodzi kankaonekera mpaka kalekale. Ufawo ankaupaka wonyowa, mopyapyala, n'kuuumitsa, n'kulowetsa chinthucho m'ng'anjo yotentha madigiri 700 mpaka 800. Chikazizira ankapakanso, n'kuotchanso, mwina kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ulendo uliwonse wa kung'anjo unali wotaya kapena kupata: kuchedwa pang'ono mtundu wapsa, kufulumira galasi silinagwire, kuziziritsa msanga lang'aluka, ndipo ntchito ya milungu ingapo yapita m'madzi.

Pa chitsulo chafulati zimenezi n'zovuta kale. Nanga pa dzira? Galasi likasungunuka limayenderera kutsikira pansi, ndiye kuti likhale lofanana kuchindikala kuyambira kunsonga mpaka kumimba kwa dzira, mmisiri ankayenera kudziwa moto wake ngati mmene mayi amadziwira nthawi yophula nsima osayang'ana wotchi. Pomaliza ankapukuta kwa maola ambiri ndi gudumu lamtengo ndi chikopa chofewa mpaka pamwamba pasalale, popanda kabowo ngakhale kamodzi. Pakati pa kupaka kwina ndi kwina nthawi zina ankaikapo timasamba tagolide kapena kujambulapo tinthambi, kotero kuti timaoneka ngati tikuyandama mkati. Amisiri ena a nthawiyo ankakhutira ndi mitundu yochepa, koma makasitomala a Fabergé ankasankha pa mitundu yoposa 140. Wina wotchuka unali wofanana ndi mkati mwa chigoba cha nkhono ya m'nyanja, umene umasintha kuchoka koyera kupita kofiirira ukamautembenuza pa kuwala.

Golide naye ankamusintha mtundu. Akasakaniza ndi mkuwa ankafiira, akasakaniza ndi siliva ankabiriwira, ndipo pa nkhata imodzi ya maluwa yaing'ono ngati chikhadabo munkatha kukhala golide wa mitundu inayi. Miyala yambiri inali ya m'dziko momwemo ndipo sinali yodula: nephrite wobiriwira wa ku Siberia, rhodonite wofiirira wa ku mapiri a Ural, jasper, ndi mwala woonekera ngati galasi wotchedwa rock crystal. Ndi mwala umenewu ankapanga timaluwa tokhala m'kabotolo ka madzi. Ukayang'ana umalumbira kuti muli madzi, koma kabotolo ndi madziwo ndi mwala umodzi: anaugoba kumtunda kokha, kumunsi n'kusiya wathunthu, n'kuboola kanjira kolowetsamo phesi lagolide.

Mu 1914, polankhula ndi magazini ina ya ku St Petersburg, Fabergé anati zinthu zodula sizimukopa ngati kudula kwake kwagona pa kuchuluka kwa dayamondi ndi ngale basi, ndipo anatchula anzake otchuka pa ntchitoyi, Tiffany, Boucheron ndi Cartier, kuti ndi amalonda chabe. Mawuwa anali ndi kunyada pang'ono, poti iyenso anali wamalonda wochenjera, koma ntchito yake imamuikira umboni.

Tengani dzira la 1897, lokumbukira kulongedwa ufumu kwa Nicholas II. Chigoba chake ndi enamel yachikasu yowala pamwamba pa cheza chogoba, kutengera mkanjo wagolide umene mfumukazi inavala, ndipo lili ndi chidindo cha Perchin. Mkati muli kangolo kosafika masentimita 10, kofanana ndendende ndi ngolo imene Alexandra anakwera ku Moscow. Mawilo amazungulira, zitseko zimatseguka, timasitepe timatsika, mazenera ndi a rock crystal. Mmisiri wachinyamata Georg Stein anakagwira miyezi 15. Dzira la 1900, lokondwerera njanji yodutsa Siberia, lili ndi kasitima ka golide ndi platinamu ka mabogi asanu, kamene kamayenda ukakapukusa ndi kakiyi. La 1908 lili ndi pikoko amene ukamuika patebulo amayenda, kutembenuza mutu ndi kutambasula mchira.

Koma sindingathe kuyang'ana dzira la 1897 osakumbukira chinthu china cha enamel cha pa mwambo womwewo. Patangopita masiku anayi Nicholas atavekedwa chisoti mu Meyi 1896, anthu wamba mazanamazana a zikwi anasonkhana pa bwalo la Khodynka ku Moscow kudzalandira mphatso za mfumu: buledi, soseji, ndi kapu yachitsulo ya enamel yokhala ndi chizindikiro chachifumu. Mphekesera itamveka yakuti mphatso sizikwanira, anthu anakankhana n'kugwera m'maenje, ndipo boma lenilenilo linavomereza kuti anafa ndi 1,389. Usiku womwewo mfumu inapita ku dansi kwa kazembe wa France. Limodzi mwa mazira odula kwambiri, la 1913, linagulidwa ma ruble 24,600, pamene wogwira ntchito m'fakitale sankafika ngakhale ma ruble 300 pa chaka. Ndi malipiro a zaka zoposa 80. Kukongola kwa zinthuzi n'koona, ndipo dziko limene linkazilipira linali lopendekeka moti silikanaima nthawi yaitali. Zonse ziwiri ziyenera kunenedwa.

Mbiri inafika kunja msanga, makamaka chifukwa mafumu a ku Ulaya anali pachibale. Mfumukazi Alexandra ya ku Britain inali mkulu wake wa Maria Feodorovna. Pa chionetsero cha ku Paris mu 1900 Fabergé anakhala m'gulu la oweruza ndipo analandira ulemu wa Légion d'honneur. Nthambi zinatsegulidwa ku London mu 1903, komanso ku Odessa ndi ku Kiev. Mfumu Chulalongkorn ya ku Siam inali kasitomala. Mu 1907 Edward VII, mfumu ya Britain, anaitanitsa tizifanizo ta ziweto za pa famu yake ya Sandringham, ndipo amisiri anapita kukaumba nkhumba, nkhuku, mahatchi ndi agalu ndi phula, n'kutumiza ku Russia kuti akazigobe m'miyala. Galu wa mfumuyo, Caesar, anamugoba ndi kolala yolembedwa kuti ndi wa Mfumu.

Nkhondo ya 1914 inasintha zonse. Amisiri ambiri anatengedwa kupita kunkhondo, golide anasowa, ndipo mashopu anayamba kupanga ziwiya zamkuwa, majakisoni, ndi zida zankhondo monga mabomba oponya ndi manja. Mazira nawo anasonyeza nyengo. A 1915 ndi oyera okhala ndi mtanda wofiira, chifukwa mfumukazi ndi ana ake aakazi awiri ankagwira ntchito ya unamwino. Lina la 1916 ndi lachitsulo, lokhazikidwa pa tizipolopolo tinayi ta mizinga. Awiri a 1917 sanaperekedwe, popeza Nicholas anatula pansi ufumu Pasaka asanafike. Pa 17 Julaye 1918 iye, mkazi wake ndi ana awo asanu anaphedwa ku Yekaterinburg.

Kampani inayamba yayendetsedwa ndi komiti ya ogwira ntchito, kenako boma latsopano lachikomyunizimu la Bolshevik linailanda n'kuitseka mu 1918. Fabergé, nkhalamba ya zaka 72, anatuluka m'dziko pa sitima ya akazembe kupita ku Riga, kenako ku Germany. Mkazi wake ndi mwana wawo Eugène anawolokera ku Finland m'nyengo yozizira, pena pa ngolo yotsetsereka pa chipale, pena wapansi m'nkhalango. Pomaliza banjali linakakhala ku Switzerland, ndipo Carl anamwalirira ku Lausanne pa 24 Sepitembala 1920. Phulusa lake linakaikidwa ku Cannes pambali pa mkazi wake. Mwana wake Agathon anatsekeredwa m'ndende, kenako anagwiritsidwa ntchito yoyesa mtengo wa chuma cholandidwa kwa mafumu, mpaka anathawa mu 1927 podutsa pa nyanja youndana kupita ku Finland.

Maria Feodorovna anachoka ku Crimea mu 1919 pa sitima yankhondo ya Britain, ndipo pa mazira onse amene analandira, limodzi lokha, la 1916, ndi limene linatuluka naye. Ambiri otsala anawalongedza m'mabokosi n'kuwasunga ku Kremlin, likulu la boma ku Moscow. Boma la Stalin litafuna ndalama zakunja zogulira makina, linayamba kuwagulitsa, ndipo pakati pa 1930 ndi 1933 anatuluka 14. Armand Hammer wa ku America ndi Emanuel Snowman wa sitolo ya Wartski ku London ndi amene anagula ambiri. Lero 10 ali ku Kremlin, atatu ali m'chuma cha banja lachifumu la Britain, asanu ali ku Virginia Museum of Fine Arts ku America, ndipo 9 amene banja la Forbes linasonkhanitsa anagulidwa mu 2004 ndi Viktor Vekselberg, mpondamatiki wa ku Russia, n'kubwerera ku St Petersburg. Angapo, monga a 1886, 1888 ndi 1889, anasowa.

La 1887 linapezeka mwa njira imene Fabergé akanaikonda. Munthu wina wogula zitsulo zakale ku America analigula pamsika wa zakale pa madola pafupifupi 14,000, cholinga chake akaligulitse kwa osungunula golide. Osungunulawo anakana, ati golide wake safika mtengo umenewo. Linakhala m'khitchini mwake zaka, mpaka tsiku lina analemba pa intaneti dzina la wotchi imene ili mkati, Vacheron Constantin, n'kupeza nkhani ya dzira losowa. Akatswiri a Wartski analitsimikiza, ndipo nkhaniyi inalengezedwa mu 2014. Pa sikelo linali lochepera madola 14,000, koma monga ntchito ya manja linali la mamiliyoni ambiri.

Dzina lenilenilo linayenda ulendo wakewake. Wamalonda wina wa ku America, Sam Rubin, anayamba kuligwiritsa ntchito pa mafuta onunkhira, ndipo mu 1951 ana a Fabergé, posowa ndalama za milandu, analandira madola 25,000 n'kumusiyira. Perefyumu ya Brut imene ambiri timaidziwa inatuluka pansi pa dzinali. Unilever inaligula mu 1989, ndipo mu 2013 linafika m'manja mwa Gemfields, kampani imene imakumba emarodi pa mgodi wa Kagem ku Lufwanyama m'Zambia ndi rube ku Montepuez m'Mozambique, kotero kuti miyala ya kuno kwathu yavalidwa pansi pa dzina limeneli.

Pali munthu mmodzi amene zilembo zake simungazipeze pa chidindo chilichonse, chifukwa ojambula analibe chidindo. Alma Pihl anabadwira ku Moscow mu 1888. Agogo ake anali August Holmström, mkulu wa shopu yoika miyala, ndipo iye analowa ntchito kwa amalume ake, Albert Holmström, ali ndi zaka pafupifupi 20. Ntchito yake inali yonyozeka: kujambula m'buku chinthu chilichonse chotuluka m'shopu, pa kukula kwake kwenikweni, n'kulemba miyala imene yalowapo ndi mtengo wake. Sanapite ku sukulu ya zojambula zodzikongoletsera. Pa nthawi yake yopuma ankajambula zakezake, amalume ake anaziona, ndipo anamukweza kukhala wojambula, chinthu chosowa kwa mkazi masiku amenewo.

Emanuel Nobel, mwini kampani yaikulu ya mafuta, ataitanitsa mwachangu timphatso tambiri topatsa akazi a alendo ake, Alma anayang'ana pa zenera la shopu. Kumeneko kukazizira kwambiri chinyezi chimaundana pa galasi n'kujambula timizere tonga nthenga. Iye anatengera timizereto n'kujambula mabulochi, tokongoletsera tomangirira pa chovala, a platinamu ndi tidayamondi ting'onoting'ono. Maganizo omwewo ndi amene anabala dzira la 1913 lija la ma ruble 24,600. Ndi la rock crystal, lopyapyala, logobedwa mkati kuti lioneke ngati madzi oundana, lokhala pa mwala wooneka ngati ayezi amene wayamba kusungunuka, timitsinje ta dayamondi tikutsika m'mbali. Ukalitsegula umapeza kadengu ka platinamu kodzaza ndi timaluwa toyera ta mwala, ta masamba obiriwira a nephrite, maluwa oyamba kuphuka chisanu chikatha. Alma anali ndi zaka 24. Chaka chotsatira anajambulanso lina, atatengera nsalu imene apongozi ake ankapeta madzulo pafupi ndi moto: ukonde wa platinamu, kabowo kalikonse kali ndi kamwala kakekake kodulidwa kuti kakwanire ndendende, ngati ulusi wa nsalu. Limeneli lili ku Britain.

Mu 1921 Alma ndi mwamuna wake Nikolai Klee anasamukira ku Finland. Anakhala ku Kuusankoski, tauni ya fakitale ya mapepala, kumene anaphunzitsa ana kujambula pa sukulu kwa zaka zoposa 20, ndipo za St Petersburg sankazikamba. Anamwalira mu 1976. Mabuku awiri a zojambula a m'shopu ya Holmström anapulumuka, ndipo anakatulukira ku London iye atapita kale. M'menemo muli masamba a timabulochi ta chipale, kalikonse kojambulidwa ndi utoto wamadzi pa kukula kwake, pambali pake palembedwa chiwerengero cha miyala ndi tsiku.